Mabuleki ndi miyendo ya Corolla yakale: zomwe mungakonze pakhomo ndi zomwe musayerekeze

Galimoto yanga ndi Toyota Corolla ya 2003, ija ambiri amangoitchula kuti NZE. Mtundu umenewu unkapangidwa ku Japan kuyambira 2000 mpaka 2006, ndipo yangayi inalowa m'dziko muno monga zinzake zambiri: pa sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, kenako pamsewu kudzera pa Songwe. Injini yake sinandisowetsepo tulo. Zomwe zimandidyera ndalama ndi za kunsi, zija zimalimbana ndi maenje, matope ndi fumbi tsiku ndi tsiku. Zambiri mwa izo ndimakonza ndekha pakhomo Loweruka m'mawa, ndipo anzanga akandipeza manja ali bii, mafunso awo amakhala omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano. Zambiri zikugwiranso pa Vitz, Demio, March ndi timagalimoto tina ta zaka zomwezo, poti nato nthawi zambiri timakhala ndi disiki kutsogolo ndi drum kumbuyo.

Kodi si kuika moyo pachiswe kukonza mabuleki usali makaniko?

Kungakhale kutero, koma osati chifukwa ntchitoyo ndi yovuta. Kusintha ma pad akutsogolo pa Corolla ndi nkhani ya mabawuti awiri mbali iliyonse. Mnyamata amene anaphwasulapo njinga akhoza kuimvetsa. Vuto n'lakuti mabuleki sadandaulira pomwe mwalakwitsapo. Injini mukaimanga molakwika imakana kulira pabwalo pomwepo, inu n'kudzikanda m'mutu, n'kuyambiranso. Mabuleki omangidwa molakwika amakulolani kutuluka pageti, amagwira bwinobwino m'tauni sabata yathunthu, n'kudzakukanani pa mtsetse wa Chiweta muli ndi ana kumbuyo.

Ndiye ngati cholinga chanu n'chakuti muwononge ndalama zochepa pa chilichonse, kuphatikizapo zipangizo, bola mungopita kwa amakaniko. Ndalama yomwe munthu wodzikonzera amapulumutsa ndi ya malipiro a mmisiri, komanso ija ikanapita pa chinthu chomwe chinawonongeka chifukwa palibe anachiona msanga. Yachiwiriyi ndiye yaikulu. Makaniko amaona galimoto yanu ikadwala. Inu mukhoza kuchotsa tayala mwezi uliwonse n'kuyang'ana.

Ndifunika zida zotani?

Si zambiri. Toyota amakonda mabawuti a 10, 12, 14, 17 ndi 19, ndipo manati a matayala ndi a 21. Mukakhala ndi masipanala ndi masoketi a manambala amenewa, pulayala, hamala, burashi ya waya, kachidutswa ka waya wolimba ndi G-clamp ija amagwiritsa ntchito akalipentala, mwafika kale patali. Sipanala yoyezera kamangidwe, ya torque, ndi yodula, ine ndimabwereka. Manati a matayala a Corolla amafuna 103 Nm, yomwe ndi mphamvu ya mkono wa munthu wamkulu pa sipanala wamba. Zokwera pa sipanala n'kumadumphapo zija zimatamula timabawuti, tsiku lina n'kuduka.

Koma chida chomwe chimapha anthu ndi jeke. Jeke uja anabwera ndi galimoto m'buti anamupangira kusintha tayala m'mbali mwa msewu kwa mphindi khumi, munthu ali pambali. Sanamupangire kuti mulowetse mutu kapena mwendo kunsi. NZE imalemera kuposa tani imodzi, kunena kwake matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo mukamakoka bawuti yomwe inagwira dzimbiri galimoto yonse imagwedezeka. Gulani kapena wotcheretsani zochirikizira zachitsulo, ma stand, ziwiri. Zikasowa, chipika cha mtengo wolimba chodulidwa mosalala chimathandiza. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, ngakhale ndi zomwe timaziona paliponse pansi pa magalimoto ofa m'makomomu. Mtengo usanathyoke umayamba walira. Njerwa imangophwanyika kamodzi n'kamodzi.

Tayala lomwe mwachotsa ligonekeni pansi pa galimoto, mbali yomwe mukugwirayo, kuti zikavuta galimoto igwere pa ilo. Ikani miyala kapena mitengo kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala omwe atsala pansi. Kumbukirani kuti handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, pomwe giya ya P imagwira akutsogolo okha; mukanyamula mbali yomwe inali yogwira, palibenso chikuletsa galimoto kuyenda. Nthawi ya mvula musakhulupirire dothi la pabwalo. Yalani thabwa lochindikala pansi pa jeke.

Ndidziwa bwanji kuti ma pad atha?

Ambiri ali ndi kachitsulo kopyapyala komwe kamayamba kukhudza disiki pad ikatsala pang'ono, n'kumalira kuti tswii. Kameneko ndi kabelu kochenjeza. Kukwekwesa kwa chitsulo pa chitsulo, kuja kumamveka mpaka m'mano, kumatanthauza kuti mwachedwa ndipo disiki ikudyeka. Pad yatsopano imakhala ndi mnofu wa pafupifupi sentimita imodzi. Buku la Toyota limati malire ndi milimita imodzi. Ine ikafika pa mamilimita atatu ndimayamba kufunsa mitengo.

Koma muyang'ane zonse ziwiri, yakunja ndi yam'kati. Chaka china ndinasuzumira m'mabowo a rimu, ndinaona pad yonenepa bwino, ndinadziuza kuti ikadalipo mpaka Khirisimasi. Patangotha masabata atatu kunayamba kukwekwesa kumanzere. Nditachotsa tayala ndinapeza yakunja ili ngati yatsopano, yam'kati itatha mpaka chitsulo, disiki kumbuyo kwake ili mizeremizere ngati munda wolimidwa kumene. Caliper ya galimoto zimenezi, chitsulo chija chopana ma pad, ili ndi pistoni imodzi, ya m'kati. Pistoniyo ikakankha pad yam'kati, caliper yonse imayenera kutsetsereka pa timapini tiwiri n'kukoka yakunja, kuti disiki ipanidwe mbali zonse. Kwa ine kamphira koteteza pini imodzi kanali katang'ambika, munalowa fumbi lofiira ndi madzi, pini n'kuumira momwemo. Ndinachita kuipotokola ndi pulayala, inatuluka ili psuu ndi dzimbiri, youma ngati fupa. Miyezi yonseyo pad imodzi ndiyo inkagwira ntchito ya awiri.

Nditatengera disikiyo kwa mmisiri wina wachikulire ku Biwi, anaiyendetsa chala n'kupukusa mutu. "Bwana, munangosuzumira pawindo inu, m'nyumba simunalowe," anatero. Ndinagula madisiki awiri chifukwa cha kamphira kosakwana mtengo wa nsima ya pamsika.

Timapini timeneti tizichotsedwa, kupukutidwa ndi kupakidwa girisi nthawi zonse mukusintha ma pad. Girisi yake ndi ya silicone kapena ija amalemba kuti ndi ya mphira. Girisi wamba ya ma bearing imatupitsa timphira, pini n'kudzaumanso.

Nanga kusintha kwake kumayenda bwanji?

Masulani manati pang'ono galimoto idakali pansi, kenako inyamuleni, ichirikizeni, chotsani tayala. Khotetsani chiwongolero kuti caliper iyang'ane kwa inu. Mukamasula bawuti yapansi ya 14, caliper imatseguka chokwera ngati chivundikiro cha bokosi. Imangirireni ku sipuling'i ndi waya uja. Isalendewere pa paipi ya mphira, chifukwa paipi ya zaka makumi awiri imatha kuwonongeka m'kati kunja ikuoneka bwino. Musanazule ma pad akale jambulani ndi foni, kuti mudzakumbukire komwe timalata ndi kachitsulo kochenjeza kaja kanayang'ana.

Ma pad atsopano ndi onenepa, choncho pistoni iyenera kubwerera m'kati. Ikani pad yakale pamwamba pake n'kupana ndi G-clamp pang'onopang'ono. Apa mafuta a mabuleki amabwerera m'kabotolo ka pansi pa boneti, ndipo ngati wina anawonjezeramo posachedwa akhoza kusefukira. Amadya penti. Yang'anirani, ndipo akadontha tsukani ndi madzi nthawi yomweyo. Pistoni ikakana kubwerera ngakhale mwapana, kapena mukaona chinyezi cha mafuta pa mphira wake, imani. Caliper yeniyeniyo ndiyo ikudwala. Kwechani dzimbiri pomwe ma pad amakhala kuti azitsetsereka ndi chala, ndipo girisi isakhudze mnofu wa pad kapena disiki. Mbali zonse ziwiri zisinthidwe tsiku limodzi, apo ayi galimoto izikokera kumodzi mukaponda.

Chomaliza ndi chomwe ndinaphunzira mochititsa manyazi. Mukamaliza, pistoni imakhala kutali ndi pad, ndipo kuponda koyamba sikugwira kanthu. Tsiku langa loyamba ndinasamba m'manja monyadira, ndinaliza injini, ndinaika R. Chopondera chinangolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Galimoto inayenda chambuyo mamita anayi, nkhuku zili balala, n'kukaima pa mulu wa mchenga womwe ndinasungira kumangira mpanda. Mayi akunyumba anatuluka ndi mthiko m'manja, anayang'ana mchenga, anayang'ana ine, n'kubwerera kukhitchini osanena kanthu. Pondani kasanu kapena kakhumi mpaka chopondera chilimbe musanaike giya iliyonse.

Disiki nayo iyenera kusinthidwa nthawi yomweyo?

Osati nthawi zonse. Pa madisiki ambiri pamadindidwa mawu akuti MIN TH ndi nambala, komwe ndi kuchindikala kochepetsetsa kololedwa. Ikakhala pamwamba pa nambalayo, yosalala, yopanda ming'alu, isiyeni. Chiwongolero chikamanjenjemera kapena chopondera chikamagunda phazi mukuchepetsa liwiro, disiki siilinso yofanana. Alipo amisiri a makina omwe amaipala, koma yopalayo ikatsika kuposa nambala ija mwangotaya ndalama, chifukwa disiki yopyapyala imatentha msanga. Poika yatsopano kwechani dzimbiri lonse pomwe ikukhalapo. Kachidutswa kakang'ono kotsalira kamaipendeketsa, kunjenjemera kuja n'kubwereranso pakapita miyezi.

Za kumbuyo, ma drum aja, ambiri amaziopa. N'zovutadi?

N'zotopetsa kuposa zakutsogolo, chifukwa muli timasipuling'i tambiri ndipo kalikonse kali ndi bowo lake. Tsitsani handibuleki kaye, apo ayi drum siituluka. Ikakakamira musaimenye ngati mukuswa miyala: pankhope pake pali timabowo tiwiri ta mazinga, ndipo mukalowetsamo mabawuti a M8 n'kumamanga mosinthanasinthana, imadzisuntha yokha.

Fumbi lakuda la m'katimo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa. Ma shoe akale ndi ena otsika mtengo amatha kukhala ndi asbestos, yomwe imawononga mapapo ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Nyowetsani ndi kupukuta ndi kansanza.

Tsegulani mbali zonse ziwiri koma phwasulani imodzi yokha, inayo ikhale mphunzitsi wanu. Pamwamba pali kasilinda kokhala ndi timphira uku ndi uku. Fendulani kamphira kamodzi ndi chala. Mukapeza mafuta, kasilindako katha, ndipo ma shoe omwe anyowa nawo atayeni. Kuwatsuka ndi petulo kapena kuwawamba pamoto kumangowayeretsa pamwamba. Akatentha mafuta aja amatulukanso. Handibuleki yomwe imachita kufika m'khwapa isanagwire nthawi zambiri imasonyeza kuti ma shoe atalikirana ndi drum. Yambani mwakonza kagiya kosendezera ka m'katimo musanathamangire kukoka chingwe.

Mafuta a mabuleki amasinthidwa? Ine ndimangowonjezera akachepa.

Funso limeneli ndi lomwe ndikanakonda anthu akanamafunsa loyamba. Pa chitsekerero cha kabotolo ka Corolla panalembedwa DOT 3. Mafuta a mtundu umenewu, ndi DOT 4 yemwe, amayamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi pang'ono chabe, osakwana magawo anayi pa 100 alionse, malirewo amatsika kufika pa 140. Kwa DOT 4 manambala ake ndi 230 ndi 155. Mafuta akawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Mumaponda, phazi limalowa, ma pad osamva kanthu.

M'tauni simungafike pamenepo. Koma taganizani za ulendo wochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa, komwe msewu umatsika pafupifupi mamita 900. Corolla yodzaza anthu ndi katundu ikatsika mtunda wotere, mphamvu yomwe iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa madzi oposa malita 30, ndowa imodzi ndi theka. Ina imapita ndi mphepo ndi matayala, koma yotsalayo, mukaisiyira phazi lokha, yambiri imathera pa madisiki awiri aang'ono ngati mbale za ndiwo. N'chifukwa chake pa mitsetse ngati umenewu, kapena wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, giya iyenera kukhala pa 2 kapena L kuti injini ithandize kugwira. Zoika galimoto pa N pofuna kupulumutsa petulo n'kudzinamiza: injini za mtundu uwu zimadula zokha petulo mukachotsa phazi giya ili m'kati, pomwe pa N zimamwabe. Kuzimitsa injini ndiye koopsa zedi, chifukwa mphamvu yothandizira phazi lanu imachokera ku injiniyo, ndipo imatha mukaponda kawiri kapena katatu.

Sinthani mafutawa pa zaka ziwiri zilizonse. Ngati simukudziwa tsiku lomwe anasinthidwa ndipo akuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, n'kutheka ndi omwe anachoka nawo ku Japan. Gulani botolo lomata, osati othiridwa m'timabotolo ta zakumwa. DOT 3 ndi DOT 4 amasakanizika, koma DOT 5 ndi wa silicone, asalowemo.

Pa zowonjezera: mafutawa sapsa ngati oyilo wa injini. Amatsika pang'onopang'ono ma pad akamatha, chifukwa pistoni imatulukira kunja. Akatsika msanga, penapake pakudontha, ndipo kuwonjezera n'kubisa matenda.

Ndinamva kuti pangozi munthu akhoza kuthiramo madzi a sopo kapena mafuta ophikira.

Nanenso ndinamva, ndipo ena amalumbira kuti anafika nawo kwawo. Madzi amawira pa madigiri 100, kumtunda kuno asanafike n'komwe, ndipo amadyetsa mapaipi dzimbiri. Mafuta ophikira, oyilo wa injini ndi wa giyabokosi amatupitsa mphira uliwonse wa m'njira ya mabuleki, moti pambuyo pake muyenera kusintha zonse. Chimodzimodzi zokhomera msomali m'paipi yodontha kuti muyende ndi mabuleki a matayala atatu. Kukokedwa ndi galimoto ina n'kotsika mtengo kuposa zonsezi.

Kubulida kumene amanena amakaniko n'kutani?

Ndi kutulutsa mpweya m'mapaipi, ndipo njira yake ndi yomweyo yosinthira mafuta akale. Pamafunika anthu awiri, kapaipi koonekera m'kati ndi kabotolo. Pa tayala lililonse pali kabawuti kabowo. Mumavekapo kapaipi, mbali inayo n'kuimiza m'mafuta pang'ono m'kabotolo. Kawirikawiri timayambira tayala lakutali ndi master cylinder, yomwe ili pansi pa kabotolo ka pa boneti, ndipo poti zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, n'kumalizira kutsogolo kumanja.

Kwathu wopondayo ndi mwana wanga wamwamuna, yemwe ntchitoyi amaikonda chifukwa ndi nthawi yokhayo amaloledwa kukhala pampando wa dalaivala.

"Ponda katatu, ugwire pomwepo."

"Ndagwira, ababa."

Ndimatsegula kabawuti pang'ono, mafuta akuda ndi timathovu n'kudutsa m'kapaipi, phazi lake n'kumira. Ndimatseka.

"Siya tsopano."

Akasiya ndisanatseke, mpweya umabwerera ndipo timayambiranso. Zinachitikapo foni yake italira. Timabwereza mpaka mafuta atuluke oyera opanda thovu. Pakatipakati ndimadzuka kukawonjezera m'kabotolo ka pa boneti, chifukwa kakauma mpweya umalowa kumtunda, ndipo pa galimoto ya ABS kuutulutsa kumeneko kumatha kufuna makina a ku galaja. Pansi pa chopondera ndimaikapo kathabwa kuti phazi lisafike pansi penipeni. M'master cylinder yakale muli chigawo chomwe pistoni sinafikeko kwa zaka zambiri, chokhakhala ndi dzimbiri, ndipo mphira ukadutsapo umachekeka. Timabawuti tabowo tija n'tosachedwa kuduka. Tithirireni mankhwala osungunula dzimbiri dzulo lake, ndipo gwiritsani sipanala yozungulira mutu wonse.

Phazi limauza zambiri. Chopondera chofewa ngati siponji ndi mpweya. Cholimba poyamba koma chomira pang'onopang'ono mutachigwira pa maloboti, kunja kulibe podontha, ndi master cylinder. Cholimba ngati mwala galimoto osaima bwino, yang'anani booster, ija imathandizira phazi, ndi paipi yake yochokera ku injini.

Galimoto yanga ikugogoda kunsi ndikadutsa pa mabampu. Ndi ma shock?

Aliyense amathamangira kunena ma shock, mwina chifukwa ndi dzina lomwe amalidziwa. Nthawi zambiri wolakwa ndi wotsika mtengo kuposa pamenepo. Kugogoda kwa gudugudu pa msewu wa fumbi wa mabampu ang'onoang'ono, muli pa liwiro lochepa, kawirikawiri ndi timitengo ta stabilizer kapena timabushi take. Ndi ntchito ya manati awiri.

Musanagule kanthu nyamulani galimoto, ichirikizeni, gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, ganizirani ball joint kapena bearing. Gwirani kumanja ndi kumanzere. Likasewera apo, ndi tie rod end kapena rack end. Wina agwedeze inu mukuyang'ana ndi tochi, dzanja lili pa cholumikizira chomwe mukuchikayikira, mudzamva kugunda kwake m'zala. Mabushi a mkono wapansi ayeseni ndi chitsulo chotekenyera: mphira wong'ambika kapena wolekana ndi chitsulo chake watha. Kulira kwa kha-kha-kha pokhota chiwongolero chonse ndi CV joint, nkhani ina. Kulira kwa wuuu komwe kumakula ndi liwiro ndi bearing.

Mwa zonsezi, ball joint ndi tie rod end musazengereze nazo. Magalimoto aja mumawapeza pakati pa msewu tayala limodzi litagona cham'mbali ngati mwendo wa mbuzi yothyoka, ball joint ndiyo inazuka, ndipo inali itagogoda kwa miyezi. Pochotsa tie rod end werengani kuti yazungulira kangati kuti yatsopano ilowe chimodzimodzi, ndipo kapini kotsekera nati kakhale katsopano, osati msomali wopinda.

Nanga akakhala ma shock enieniwo, ndingasinthe ndekha?

Theka la ntchitoyo. Choyamba tisiyanitse: sipuling'i ndiyo imanyamula galimoto, shock imangoletsa kuti isamadumphedumphe. Shock yakufa mumaidziwa ndi mafuta otsikira m'thupi mwake, galimoto yoyendabe ngati bwato mutadutsa kale bampu, mphuno yogwada kwambiri mukaponda buleki, ndi matayala odyeka mabangamabanga. Apa ndi pomwe nkhani ziwiri zathu zimakumana. Tayala lomwe likudumpha silikugwira msewu, ndipo ngakhale ma pad akhale atsopano, tayala lili m'malere silingaimitse galimoto.

Kuchotsa mwendo wonse wakutsogolo n'kotheka pakhomo: manati atatu pamwamba pansi pa boneti, mabawuti awiri aakulu pansi, kamtengo ka stabilizer, ndi timabawuti togwira paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS. Koma pakati pa manati atatu aja pali nati imodzi yaikulu. Imeneyo musaikhudze. Ndi yomwe yagwira sipuling'i yopanidwa ndi mphamvu ya makilogalamu mazanamazana, ndipo ikamasuka sipuling'i isanapanidwe ndi chida chake, zitsulo zimauluka molunjika kumaso kwa womasulayo. Ndinaonapo anyamata akumanga sipuling'i ndi zingwe ndi malegeni, wina ataipondera ndi phazi. Ndinasuntha n'kukaima kuseri kwa minibasi. Ine ndimachotsa mwendo wonse, kuukweza pa kabaza, n'kupita nawo kwa amene ali ndi chopanira chenicheni. Amandilipiritsa pang'ono poti ntchito yotopetsa ndagwira kale. Pa NZE sipuling'i imakulunga shock kumbuyo komwe, ndiye lamulo ndi lomwelo.

Ma shock asinthidwe awiriawiri, ndipo mwendo uli pansi choncho yang'anani mphira wa pamwamba ndi kachikuto koteteza fumbi. Ngati munakweza galimoto ndi ma spacer chifukwa cha misewu yathuyi, onetsetsani kuti paipi ya mabuleki siikukokeka tayala likalendewera.

Mabushi osema ku matayala akale aja ndi abwino?

Luso la anthu osemawo ndimalilemekeza, ndipo pa timabushi ta stabilizer ndinawagwiritsapo ntchito osadandaula. Pa mkono wapansi sindingatero. Bushi ya pamenepo ndi mphira womatidwa ku chitsulo m'kati ndi kunja, wopangidwa kuti uzipotoka, ndipo ndi umene umasunga tayala pamalo pake mukaponda buleki mwamphamvu. Wosema sangamatike choncho.

Pali kachinsinsi kamodzi komwe ngakhale amakaniko ena amakadumpha. Mabawuti odutsa m'mabushi amamangidwa komaliza galimoto itatsika, kulemera kwake kuli pa matayala. Mukawamanga mkono uli lende, galimoto ikatsika mphira umakhala wopotoka usiku ndi usana, ndipo bushi yatsopano imang'ambika mvula isanabwerenso. Kenako timanyoza wogulitsa.

Zipangizo ndigule zatsopano kapena zochotsa ku magalimoto ophwasula?

Zitsulo zosadyeka, monga chogwirira caliper kapena mkono wosapindika, zakale za Toyota zenizeni nthawi zina zimaposa zatsopano zosadziwika kochokera. Koma ma pad, ma shoe, mapaipi a mphira, timasilinda ndi ball joint zikhale zatsopano. Shock yakale yopukutidwa bwino imaoneka ngati yamoyo pa shelefu. Ikanikizeni ndi kuikoka ndi manja, ikakhala ndi malo opepuka kapena ikamafwenthera, isiyeni.

Ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Malangalanga mudzafunsidwa kuti mukufuna "orijino" kapena inayo, ndipo makatoni onse awiri akhoza kukhala ndi dzina lomwelo. Mayina ngati KYB, Akebono ndi 555 ndi a makampani enieni a ku Japan, n'chifukwa chake okopera amawakonda. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Pitani ndi chakale m'manja pamodzi ndi nambala ya chassis, muyerekeze pa kauntala pomwepo, poti ma Corolla a chaka chimodzi opangidwira misika yosiyana samavala ma pad ofanana nthawi zonse.

Ndamaliza kumanga. Ndinyamuke?

Ngati mwakhudza tie rod, mkono wapansi kapena mwendo wakutsogolo, ulendo woyamba ukhale wa ku alignment, chifukwa kuwerenga mazinga kuja kumangokufikitsani kumeneko, ndipo tayala loyenda chopingasa limatha m'masabata ochepa. Pepala la COF la ku Road Traffic musaliyese umboni wa ntchito yanu. Limanena za tsiku lomwe galimoto inayesedwa basi.

Ine ndisanatuluke ndimazungulira galimoto ndi sipanala, kukhudza bawuti iliyonse yomwe ndinamasula, n'kuyang'ana ngati pansi pasatsale nati yopanda kwawo. Ndimaponda buleki mwamphamvu kwa theka la mphindi injini ikulira, kuona ngati phazi likumira, kenako n'kusuzumira kuseri kwa matayala onse ngati kwanyowa. Ndikatero ndimapita pa kamsewu kopanda anthu kuseri kwa dera lathu, ndekha, n'kuchepetsa liwiro kuchoka pa 50 kufika pa 10 kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kuti ma pad azolowerane ndi disiki, manja atagwira chiwongolero mopepuka kuti ndimve ngati ikukokera mbali. Pobwerera ndimayandikiza dzanja pa rimu iliyonse osaikhudza. Imodzi ikatentha kuposa inzake ya mbali inayo, china chake chikugwira, ndipo jeke amatulukanso tsiku lomwelo. Manati a matayala ndimawayesanso ndikayenda makilomita 50.